Mapaipi Atatu a Nyumba ya Matayala

Panali munthu wina wokumba mijigo, ndipo nyumba yake inali ndi matayala. Inali kalavani, ija imakokedwa kumbuyo kwa galimoto. Akafika pamudzi ankaimasula, n'kuiimika pamthunzi, n'kukhala mmenemo mpaka madzi atatumphuka pansi. Madzi akatumphuka ankaimanganso kugalimoto n'kupita kwina.

Ankayenda ndi msuweni wake, bambo wa ndevu zake, wolimba pantchito, wamtima wabwino, koma waphuma. Anali munthu woti akadzipereka kukunyamulirani dengu la mazira, mumathokoza pakamwa, mumtima mukupemphera.

Kalavaniyo inali ndi zonse m'kati: bedi, pophikira, bafa, ngakhale chimbudzi. Musaseke. Ndikuona ena mwayamba kale kugwira pamphuno, ngati kwanu kulibe. Kunsi kwa kalavaniyo kunali mathanki atatu osungira madzi oipa. Yoyamba inkalandira za kuchimbudzi. Yachiwiri inkalandira madzi otsukira mbale. Yachitatu inkalandira madzi a kubafa. Thanki iliyonse inali ndi potulukira pake ndi chotsekera chake chokoka ndi dzanja. Koma paipi yaitali yotayira inali imodzi yokha.

Munthuyu anali ndi kachitidwe kake. Akafika pamudzi, asanaboole n'komwe pansi, ankayamba wakumba dzenje lakuya, kutali ndi pamene anthu amatunga. Mathanki akadzaza ankalumikiza paipi ija kuthanki ya kuchimbudzi, n'kutsegula, n'kudikira. Ikatha ankatseka. Kenako ankasamutsira paipi kuthanki ya mbale, ndipo pomalizira kuthanki ya kubafa, kuti madzi a sopo atsuke m'paipi mmene mwadutsa zonyansa. Inali ntchito yochedwa, yowerama, yonunkha. Sankatuma munthu.

Msuweni uja zinkamutopetsa kuonerera.

"Asuweni," ankatero, "mathanki atatu, dzenje limodzi. Osangowaphatikiza onse n'kutsegula kamodzi bwanji? Kapena msana wanuwo ndi wachitsulo?"

Iye ankangoyankha kuti, "Khomo likakhala limodzi, asuweni, anthu amatuluka mmodzimmodzi."

Chilimwe china anafika pamudzi wina wouma kwambiri. Mudzi wonse unkamwa pachitsime chimodzi cha m'dambo, chosaya, chopanda chivundikiro. Malo oyenera mjigo anapezeka chakumtunda kwa chitsimecho, ndipo kalavani inaima pomwepo, pansi pa mtengo wa mkuyu. Kuchokera pamtengopo kangalande kouma kankatsetsereka mpaka pakamwa pa chitsime. Munthu uja anakaona kangalandeko tsiku loyamba. Dzenje lake anakakumba mbali inayo, kuseri kwa chulu.

Pansi pamenepo panali mwala wouma, ndipo ntchito inachedwa. Tsiku lina ovololo yake inang'ambika, ndipo anthu anamulozera kwa mayi wina wosoka, dzina lake Nankhoma. Anapita nayo. Inasokedwa bwino. Koma anthu a pamudzi amati kuyambira tsiku limenelo maovololo a munthuyu anayamba kung'ambika pafupipafupi modabwitsa. Ine sindinaliko, koma ndikukhulupirira.

Awiriwo anakondana, ndipo munthu uja anafuna banja.

Tsono Nankhoma anali ndi bala. Zaka za m'mbuyomo kunadutsa anthu opanga msewu. Mmodzi wa iwo anamulonjeza ukwati. Malume ake anamuletsa, iye sanamve. Msewu utatha mwamunayo anapita osatsanzika, n'kumusiya ali ndi pakati. Kuyambira pamenepo Nankhoma analumbira kuti sadzalowanso m'nyumba ya mwamuna malume ake asanavomere. Ndipo anali mkazi wosabweza mawu.

Msuweni uja, monga nkhoswe, anapita kukafunsira. Malume aja anali munthu wofatsa, wolima fodya, wosakonda phokoso. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati:

"Bambo, mlendo ndi mame. Anthu odutsa tinawaona. Mwamuna wa nyumba ya matayala adzadzuka m'mbandakucha mwana wanga ali mtulo, ife n'kupeza mizere ya matayala pabwalo. Ine mwana uyu ndinamuona akulira kamodzi. Kawiri ayi."

Msuweni anachonderera. Pomaliza malume aja anati, "Loweruka masana tibwera, tidzaone kumene amagona ndi mmene amakhalira. Yankho tidzapereka pomwepo."

Mjigo unali pafupi kutha, ndipo ukatha kalavani inayenera kunyamuka. Munthu uja anadziwa kuti yankho la Lowerukalo ndilo lomaliza. Anachita mantha. Munthu woti sankaopa mwala wa pansi pa nthaka, mlungu umenewo chakudya sichinkatsika.

Loweruka linafika. Anasesa pabwalo, anakolopa m'kati, anatulutsa mipando. Mathanki anali pafupi kudzaza, koma anati adzataya alendo akapita, popeza ntchito imeneyo safuna munthu wothamanga. Anasamba, n'kulowa kukavala suti yake yoyera mbee, imene anali asanaivalepo.

Msuweni anatsala panja. Kamphepo kanaomba, ndipo anamva kafungo kochokera kunsi kwa kalavani. Kanali kochepa, koti mlendo sakanakamva. Koma iye anada nkhawa. Anati mumtima, anthu aja akamva zimenezi, msuweni wanga wataya mkazi. Musamuone ngati munthu woipa. Chinamugwetsa ndi chikondi, koma chikondi chaphuma.

Anatola zidutswa za mapaipi zotsala kumjigo. Anazilumikiza n'kupanga mphanda ya nthambi zitatu, nthambi iliyonse kuthanki yake, tsinde lake kupaipi yaitali ija yopita kudzenje. Molumikiza monse anakulunga ndi malegeni, ngati akumanga thumba la makala panjinga. Anaimirira, n'kuyamikira ntchito ya manja ake. Kenako anakoka zotsekera zonse zitatu.

Madzi a mathanki atatu anakumana pakhosi limodzi. Malegeni anafutukuka, paipi yaitali inavuka, phu! Msuweni anathamangira chotsekera cha kuchimbudzi n'kuchikankha ndi mphamvu zake zonse, ndipo chogwirira chake chinathyokera m'manja. Zonyansa zinakhuthukira pansi, zinazungulira tayala, zinapeza kangalande kaja, n'kuyamba kutsika. Kumunsi amayi anali pachitsime, akutunga, osadziwa kanthu.

Nthawi yomweyo panjira panatulukira malume aja, azakhali awiri, ndi Nankhoma pambuyo pawo.

Munthu uja anamva mfuu ya msuweni wake, ndipo anatsegula chitseko ali mu suti.

Taimani pamenepa, muone zimene akanatha kuchita. Akanatha kuthamangira alendo, kuwalonjera, n'kuwazungulitsa mbali ina. Akanatha kuloza msuweni wake n'kunena kuti wachita ndi uyu, ndipo chikanakhala choona. Akanathanso kudziuza kuti chitsime chakale chilekeni chife, mjigo wanga upatsa anthu madzi posachedwa. Koma posachedwa si lero, ndipo ana a pamudzipo anayenera kumwa madzulo omwewo.

Anayang'ana alendo. Anayang'ana ngalande. Jekete sanavule.

Anagona chagada m'matope amenewo n'kulowa kunsi kwa kalavani. Anazula mphanda ija n'kuiponya uko. Anagwira paipi yaitali, anaikankhira pakamwa pa thanki ya kuchimbudzi, n'kuipanikiza ndi manja onse awiri, popeza chotsekera panalibenso ndipo chomangira paipiyo chinali chitaduka.

"Asuweni, tsekani ziwirizo!" anakuwa. "Tengani khasu, dulani ngalande!"

Msuweni anatseka thanki ya mbale ndi ya kubafa. Anatola khasu, anathamanga kutsogolo kwa madzi aja, n'kuunda dothi pakati pa ngalande. Zonyansa zinafika pamchumbupo n'kuima. Zinaima pafupi kwambiri moti amayi aja anali atakweza kale ndowa zawo kuti athawe.

Munthu uja anali chigonere. Paipi sinakhale bwino pakamwa pa thanki, ndipo zina zinkadontha, kutsika m'mikono, kulowa m'malaya, kufika m'khosi. Ntchentche zinabwera. Sanasiye. Anagwira mpaka thanki inalira kuti yatha. Ndipo chimene chimandigwira mtima ine ndi ichi: ngakhale pamenepo sanathamange. Anakwawa n'kusamutsira paipi kuthanki ya mbale, anadikira. Anaisamutsira kuthanki ya kubafa, anadikira, mpaka madzi a sopo anatsuka paipi yonse. Anachita mmene ankachitira masiku onse pamene panalibe womuona.

Atatuluka sanapite kukasamba. Anatenga fosholo ndi wilibala. Anapala dothi lonse lonyowa, kuyambira patayala mpaka pamchumbu uja, n'kukalitaya kudzenje kuseri kwa chulu. Anabwerera, anapalanso, mpaka panaoneka dothi louma. Msuweni ankakankha wilibala misozi ili m'maso.

Alendo aja anaima chiimire. Azakhali anatseka mphuno ndi nsonga za zitenje. Malume anangopinda manja kumbuyo. Palibe anakhala pamipando ija.

Ntchito itatha munthu uja anaima patali, mbali imene mphepo inkalowera, kuti fungo lisapite kwa alendo. Suti ija sinkadziwikanso mtundu. Mumtima anali atavomera kale kuti zatha. Anawerama n'kunena kuti:

"Pepani, bambo. Moni wa m'manja sindikupatsani. Nyumba mwabwera kudzaona ndi imeneyi."

Malume anafunsa, "Wachita zimenezi ndani?"

Msuweni anatsegula pakamwa kuti adziulule, koma munthu uja anamutsogolera.

"Zatuluka m'nyumba mwanga, bambo."

Nankhoma sanayang'ane malume ake, sanayang'anenso azakhali. Anatembenuka n'kutsikira kudambo. Munthu uja anamuona akupita, ndipo mtima unamupweteka kuposa mmene manja anamupwetekera. Anati wathawa fungo, ndipo sindingamudandaule.

Koma Nankhoma anakabwereka ndowa kwa amayi aja. Anatunga m'chitsime. Anakwera nayo pamutu, anadutsa malume ake, anadutsa mipando, mpaka pamene munthu uja anaima yekha. Anatula ndowa. Anagwada pamaso pa anthu onse, anatunga ndi kapu, n'kunena motsitsa mawu:

"Tambasulani manja."

Munthu uja anatambasula. Nankhoma anathira madzi pang'onopang'ono, monga mkazi amathirira mwamuna wake. Anathiranso. Kenako anakweza maso kwa malume ake n'kudikira, popeza lumbiro lake linali likadalipo.

Malume aja anayang'ana nthawi yaitali. Anayang'ana ngalande yopalidwa, anayang'ana amayi amene anali atayambanso kutunga. Kenako anatembenukira kwa msuweni uja.

"Inu ankhoswe, mubwere mawa kunyumba, tidzapangane tsiku. Koma mapaipi a mkamwini wanga musadzawagwirenso."

Azakhali analulutira, zitenje zikadali pamphuno.

Tsono iwe amene ukundimva. Nyumba iliyonse ili ndi zotuluka kunsi kwake, ndi yako yomwe. Zina ndi mkwiyo, zina ndi zolakwa za ana ako, zina ndi zimene mbale wako waononga akufuna kukuthandiza. Uzitulutse chimodzichimodzi, modekha, kutali ndi pamene anzako amamwa. Ndipo tsiku limene zidzaphulika, anthu amene umafuna kuti akulemekeze ataima pomwepo, usayambe n'kufunafuna wolakwa. Madzi oipa sadikira mlandu. Gona pansi ndi zovala zako zabwinozo, ugwire.