Nkhupakupa za Kapatuka

Ana inu, nsanje ndi nthenda yoipa, chifukwa wodwalayo sabuula kuti anthu amuthandize. Lero ndikuuzani za munthu amene anaidwala mpaka kutisiyira mwambi.

Kalekale, kumapiri a ku Ntcheu, kunali abale awiri a bere limodzi, wamkulu Kapatuka, wamng'ono Chidzanja. Bambo awo pomwalira anawasiyira ng'ombe ziwiriziwiri. Chidzanja ankalawirira m'khola tsiku ndi tsiku, kuzula nkhupakupa m'makutu ndi kunsi kwa michira ya ng'ombe zake n'kuziponya pamoto, ndipo patapita zaka khola lake linadzaza. Kapatuka, mwini tulo, anatsala ndi ng'ombe imodzi yaikazi, yomwe chaka chimenecho inali ndi bere. Chiyembekezo chake chonse chinali pa ng'ombe imeneyo.

Ng'ombe za Chidzanja zikamadutsa pakhomo pake, Kapatuka mtima unkamuwawa koopsa. Anthu akamuyamikira mng'ono wakeyo, iye ankati mwanayo ngokhwima basi. Za kulawirira zija sankazitchula.

Tsiku lina kumudzi woyandikana nawo kunafa ng'ombe ndi nthenda yobwera ndi nkhupakupa, ija yotupitsa kunsi kwa makutu ndi kutulutsa thovu m'mphuno. Kapatuka anapitako ngati wokathandiza kusenda, koma anatola nkhupakupa za pachikopa n'kuziika m'kachipanda. Mawa lake masana, anthu onse ali kumaliro, anakazikhuthulira m'khola la mng'ono wake. Imodzi inamuluma iye mwini m'khwapa, ndipo anagona masiku angapo thupi lili moto, pabalapo patada bii. Mkazi wake Nangozo atafunsa, anati ndi malungo chabe.

Patapita masabata awiri, ng'ombe ziwiri za Chidzanja zinasiya kudya. Poopa kuti zonse zingathere malo amodzi, iye anachita monga ankachitira makolo, kuikiza zina kwa abale. Anafika kwa Kapatuka m'mawa akukusa ng'ombe zinayi zooneka zathanzi.

"Achimwene, m'khola mwanga mwalowa nthenda," anatero Chidzanja. "Mundisungireko izi. Zikapulumuka, imodzi ndi yanu. Ndilibe wina womukhulupirira koma inu."

Kapatuka anaona nkhupakupa zili mbuu m'makutu mwa ng'ombezo. Akane bwanji? Kukana kukanafuna chifukwa, ndipo chifukwacho sichinali chotchulika. Anayamba kunena kuti khola lake ndi laling'ono, koma Nangozo anali atatsegula kale chipata, akuthokoza mlamu wake.

Kapatuka anayamba kulawirira m'khola tsopano, kuzula nkhupakupa ngati wamisala, koma madzi anali atafika kale m'khosi. Ng'ombe yake inatupa kunsi kwa makutu, inapoloza, ndipo patapita masiku atatu inafa. Chidzanja anataya zitatu zokha mwa zambiri zija, komabe anabwera akulira, akupepesa kuti ndiye anabweretsa nthenda pakhomo pa mkulu wake. Kupepesako Kapatuka sanathe kukupirira.

"Usapepese, mng'ono wanga," anatero atazolika. "Nkhupakupazi ndi zanga. Ndinazithira ndine m'khola mwako, ndiye zangobwerera kwawo."

Nangozo ndiye anayankhula, mosakweza mawu, nati, "Choipa chitsata mwini."

Mawu amenewo ndiwo mwambi timanenawu. Tanthauzo lake n'lakuti choipa chimene ukonzera mnzako sichisochera. Chimadziwa kumene chinachokera, ndipo pobwerera chimatenga chomwe iwe umachikonda kwambiri.