Onse Patsogolo pa Lamba wa Mapeyala

Pa fakitale yolongedza mapeyala mu mzinda wa Uruapan panali katswiri wa makompyuta dzina lake Eleuterio, munthu wanzeru koma wosadziwa kukana. Makina ake ankajambula peyala lililonse likamadutsa pa lamba woyendetsa zipatso, ndipo lofewa linkakankhidwira pambali ndi kachitseko. Kachitsekoko kakachedwa ngakhale mwa kuphethira kwa diso, lofewalo linkalowa m'bokosi lopita kunja.

Zokolola zitachuluka, kachitseko kanayamba kuchedwa. Eleuterio anapeza chifukwa: kakompyuta ka makinawo kanali ndi ntchito zambiri, ndipo ya kachitseko inkaima pamzere ngati zinzake. Anaiika patsogolo, zinthu n'kuwongoka.

Mawa lake kunabwera mwini fakitale, mayi Eduviges.

"Iwe Eleuterio, manambala pa sikirini yanga akukwawa ngati kamba. Kodi ine ndine mlendo muno?"

"Ayi mayi, ndiwaika patsogolo."

Kenako kunabwera Nicanor woyang'anira zomata pa mabokosi, atanyamula nkhumba yokazinga yotentha.

"Aise, zomata zanga ukuziponya kumbuyo ngati ana opeza. Taluma kaye apa."

Eleuterio analuma, zomata nazo n'kupita patsogolo. Wa sikelo anadandaula, wa mafiriji anakwinya nkhope, onse anachoka akumwetulira. Eleuterio ankatamandidwa fakitale yonse, iye n'kumayenda chifuwa patsogolo. Anaiwala dala kuti aliyense akakhala woyamba, mzere wabwerera pakale.

Tsiku lodzaza malole opita ku malire a dziko, mayi Eduviges analamula kuti lamba athamange. Kachitseko kanadikira sikirini, kanadikira zomata, kanadikira sikelo, ndipo mpata wake utafika kanamenya peyala lolakwika. Ofewa ankalowa m'mabokosi mwaulemu, abwino ankaulukira pansi n'kupondedwa.

"Eleuterio! Ukundikandira mapeyala anga pansi? Bwera ndi mchere ndi anyezi, timalize!" anakuwa mayiwo.

Eleuterio anathamangira batani lozimitsa. Phazi linatera pa phala lobiriwira lija, miyendo m'mwamba, msana pansi, phi! Ali chigonere, anamva malole akutuluka pa geti opanda katundu, komanso mayi Eduviges akumuuza kuti akadzuka asiye makiyi pa tebulo.

Nicanor anamuweramira.

"Pepa aise. Koma zomata zanga zinatuluka pa nthawi yake."

Anthu anaseka mpaka misozi, ngakhale chinali chomvetsa chisoni. Akuluakulu sananame: ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada.