Mileme Yotuluka Masana

Nyumba ya a Manson inali yomalizira ku komboni ya Amaveni, imodzi mwa zija idamanga kampani ya mgodi kalekale. Mgodiwo udatsekedwa, koma makorokoza, anyamata okumba golide mozemba, ankaufukulabe kunsi ngati chiswe. Chaka chimenecho, mu Juni weniweni, anthu akunjenjemera ndi chisanu, simenti ya m'chipinda chawo idang'aluka n'kuyamba kufunda.

A Manson, amene mawondo awo adatha ndi ntchito ya pansi, ankavula nsapato n'kuponda pamng'alupo, mpweya wotentha ukuwasisita, mtima uli m'malo. Mkazi wawo Lusiya kufundako kunkamuopsa. Akamakolopa ankamva kugogoda pansi pa mawondo ake, go, go, go, ngati munthu wopempha kuti amutsegulire.

Lachiwiri lina akuyanika zovala, adaona mileme ikutuluka m'dzenje lakale la mgodi la kuseri kwa nyumba, dzuwa lili paliwombo. Inkatuluka yambirimbiri, ina ana atakangamira pachifuwa, akabawi akuiwakha m'mwamba. Ingapo idagwidwa iye akuona, koma panalibe ndi umodzi womwe wobwerera kudzenje.

"Baba Tariro, mwaona?" adatero Lusiya, kuwaitana amuna ake ndi dzina la mwana wawo. "Mleme suyenda masana. Walolera kabawi chifukwa kumene wachokako n'koipa kuposa kabawi. Pansi pano pakusuntha. Tiyeni ku Mvuma, kwa achimwene."

"Aiwa, Mai Tariro," adayankha a Manson uku akuseka. "Ku Mvuma tikadya chiyani? Tikagone m'khitchini ya eni ake? Ine ndakhala pansi pa nthaka zaka makumi atatu, lero ndithawe nyumba yanga chifukwa cha mbewa zouluka? Hazvina basa izo, n'zopanda pake. Pano m'pofunda."

Bambowa anali nkhutukumve, ndipo ukalamba udangowonjezera. Lusiya adalira, adachonderera, kenako adamanga katundu n'kukwera lole ndi mwana wawo Tariro.

Ku Mvuma sikudawalandire ndi manja awiri. Mbale zidasweka panjira, Tariro sukulu idaima, ndipo ankagona pasimenti yozizira ngati mwala wa m'madzi. Masana Lusiya ankagulitsa tomato m'mbali mwa msewu wa ku Masvingo, fumbi lili m'kamwa. Kangapo konse adadzifunsa ngati sadapuse, mayi wamkulu kutsanzira mileme.

Patatha milungu iwiri adabwerera ku Amaveni ndi kathumba ka ufa, kuti akawachondererenso amuna ake. Adapeza anthu ataima patali, manja ali kumbuyo. Khoma lakumaso lidali chiimire, chitseko chili chotseka, nsapato za a Manson zili pakhonde zitaikidwa bwinobwino. Kuseri kwa chitsekocho kunalibe nyumba. Kunali dzenje lakuda bii, losaoneka pothera.

Kuchokera pansi penipeni, wailesi yawo inkamvekabe chapatali, ikuimba nyimbo ya tchalitchi.

"Baba Tariro!" adaitana Lusiya, kathumba kaja katagwa m'manja. Adaitana katatu. Palibe adavomera. Mpweya wofunda uja wokha ndi umene udakwera n'kumusisita kumaso.

Njala ndi chisanu cha ku Mvuma zidamusiya Lusiya ndi mwana wake ali moyo, monga akabawi adasiyira mileme yambiri. Amene adakana kuzizidwa sadatulukenso. Akuluakulu sadaname: pakadafunda padajiwitsa galu.