Galimoto Imene Inaiwala Zonse

Panali munthu wina, dzina lake Mtambalika, amene ankanyamula mazira. Anali ndi pikapu yoyera, yokalamba ndithu koma yolimba. M'mawa uliwonse ankapita ku famu ina ya nkhuku kunja kwa tauni, kupakira mazira, n'kukagawa m'magolosale. Banja lake lonse linkadya za pikapu imeneyo.

Tsiku lina eni famu anaika lamulo. Galimoto iliyonse yonyamula katundu wawo ikayezedwe utsi, ndipo pofika Lachisanu madzulo mwini wake abweretse chiphaso. Wopanda chiphaso, ntchito ipita kwa wina. Winayo analipo kale, ankaima pa geti m'mawa uliwonse ndi galimoto yake, kungodikira.

Mtambalika atamva, anaganiza za pikapu yake. Pa dashibodi yake panali kagetsi kachikasu kamene kanali katayaka miyezi iwiri. Kagetsi kotere kamayaka kompyuta ya m'galimoto ikaona kuti penapake sipali bwino. Iye sanapite nako kwa makaniko. Ankaopa kumva. Anangomatapo tepi yakuda kuti kasamamuyang'ane.

Anzake a pa siteji anamupatsa nzeru. "Aise, chotsa batire, udikire pang'ono, ubwezere. Kompyuta iiwala zonse."

Lamlungu masana anatenga sipanala ya teni n'kuchita zomwezo. Ataliza injini n'kumatula tepi ija, kagetsi kanali zii. Anaseka yekha. Kenako anatsuka galimoto yonse, matayala n'kuwapaka polishi, mpaka pansi pa boneti anapukuta. Ine ndayendetsapo galimoto zaka zambiri, ndipo ndikuuzeni, munthu akatsuka mpaka injini popita koyezetsa, ndimamuyang'ana kawiri.

Lolemba anafika koyezera magalimoto. Woyeza anali mayi Kaponda, munthu wosayankhulayankhula, magalasi ali pa chingwe. Matayala onyezimirawo sanawayang'ane n'komwe. Anayang'ana wotchi ya pa dashibodi, napeza ikunena nthawi yolakwika. Anatsegula wailesi, masiteshoni onse atafufutika. Anatsegula boneti, naona nati ya pa batire ili mbee, zipsera za sipanala zili zatsopano. Ndipo analumikiza makina awo pansi pa chiwongolero.

"Bambo, batire munachotsa liti?"

"Inangokhwefuka yokha, mayi. Ine ndinangomanga."

"Galimoto yanu sikunena kuti ikudwala. Sikunenanso kuti ili bwino. Ikuti sikukumbukira chilichonse. Yopanda mbiri sindingailembere chiphaso."

Pamalopo panalinso mkulu wina wa takisi, a Kamwendo. Awa batire yawo inafadi Loweruka, nagula ina. Nayonso galimoto yawo inapezeka itaiwala zonse, nawonso anakanizidwa chiphaso. Anapsa mtima, natsegula buti kuonetsa batire yakufayo. "Ine ndi imvi zangazi ndinganame?"

Mayi Kaponda anayankha onse awiri limodzi. "Wonama ndi woona pakati panu sindikumudziwa. Adziwa ndi msewu. M'mawa muziliza injini ili yozizira, muisiye ilire pang'ono. Petulo asadzaze thanki, asatherenso. Muyende m'tauni, kuima ndi kunyamuka. Muyende msewu wautali pa liwiro limodzi, kenako muchotse phazi, galimoto ichepetse yokha liwiro. Igone, mawa mubwereze. Masiku anayi, kompyuta idzakhala itadziyesa yokha chiwalo chilichonse. Kagetsi kakayaka, mubwere nako kali chiyakire."

Analemba makilomita a pa dashibodi za onse awiri, nawauza azipita. A Kamwendo anachoka akung'ung'udza. Mtambalika anachoka akuwomba m'manja, akuti zikomo mayi, Mulungu akudalitseni mayi. Akadandifunsa ine pamenepo kuti wonama ndani, ndikadaloza wa pakamwa pokomayo.

Lachiwiri Mtambalika anayenda. Lachitatu anayenda. Koma maso ake sanali pa msewu, anali pa dashibodi. Munthu wobisa kanthu amayesa aliyense akumudziwa. Anayamba kukayikira mayi Kaponda kuti pali chimene akufuna. Anakayikira anzake a pa siteji kuti amuulula. Uja wa pa geti atamupatsa moni, anati mumtima mwake, uyu wamva kanthu. Ngakhale mkazi wake atafunsa kuti galimoto ikuyenda bwanji, anamukalipira.

Lachinayi m'mawa, akuchokera ku famu, mazira ali kumbuyo, atangodutsa pa mlatho, kagetsi kanayaka. Madzi saiwala khwawa.

Anaimika galimoto pansi pa mtengo, nakhala nthawi yaitali manja ali pa chiwongolero. Koyezera kuja sikunali kutali, ndipo mawu a mayi aja ankawakumbukira bwino lomwe. Koma ankaganiza za injini yonse itamasulidwa, zitsulo zili mbwee pansi kwa makaniko, Lachisanu likudutsa. Anapisa dzanja m'chitseko natulutsa sipanala ya teni.

Ulendo uno anachenjera. Atabwezera batire, anakonza wotchi. Anabwezera masiteshoni a wailesi. Nati ija anaipaka girisi wakale ndi fumbi kuti ioneke ngati sinakhudzidwe chaka chonse.

Lachisanu atafika koyezera, anakumana ndi a Kamwendo akutuluka, chiphaso chili m'manja, akadang'ung'udzabe. Mtambalika analowetsa pikapu yake. Mayi Kaponda anayang'ana wotchi, ili bwino. Anatsegula boneti, nakhudza girisi uja ndi chala. Analumikiza makina, nawayang'ana nthawi yaitali. Kenako anatulutsa pepala la Lolemba lija.

"Dashibodi ikuti chichokereni pano mwayenda makilomita mazana anayi. Kompyuta ikuti chiiwalireni yayenda makumi atatu okha. Lolemba sindinkadziwa ngati ndinu wonama, bambo. Lero ndadziwa."

"Mayi, ndili ndi ana."

"Mukadabwera Lolemba ndi kagetsi kanu, makinawa akadatiuza podwala. Mukadakonza, n'kuyenda masiku anayi, lero bwenzi mukutenga chiphaso. Ngakhale dzulo, ndikadakulemberani kalata yoti vuto lapezeka, likukonzedwa. Lero ndilembe chiyani? Mulibe choti ndiwerenge m'menemu."

Loweruka m'mawa, mazira anapakira ndi uja wa pa geti.

Sabata yotsatira kagetsi kanayakanso. Popeza panalibenso chotaya, Mtambalika anapita nako kwa makaniko kali chiyakire. Makaniko anawerenga pa makina ake, ndipo boneti sanaitsegule n'komwe. Anazungulira kumbuyo, namasula chivindikiro cha thanki ya petulo, namuonetsa kalabala kake katang'ambika. Vuto lonse linali lomwelo. Anaikapo chivindikiro china, tiyi wake asanazizire n'komwe. Mtambalika anakhala pansi pafumbi pomwepo, chivindikiro chakalecho chili m'manja, ndipo analira.

Abale anga, ndikamuganizira munthu ameneyu ndimamva chisoni, komanso amandikwiyitsa, chifukwa ndimamuona pakati pathu sabata ndi sabata. Mukalakwirana m'nyumba, mnzanu akangoti tikambirane, inu mwathamangira kale kuti tiiwale zakale, tiyambe mwatsopano. Mawu okoma zedi. Koma ine ndikawamva msangamsanga, munthu asananene n'komwe chimene walakwa, ndimafuna ndione m'manja mwake ngati mulibe sipanala. Kufufuta si kukonza, ndipo mlandu suola.

Inu amene mukukayikiridwa muli osalakwa, ngati a Kamwendo, ng'ung'udzani ngati mukufuna, koma yendani masiku anu anayi. Msewu udzakuyankhulirani.

Koma inu amene kagetsi kakuyakirani m'mtima, amene mwamatapo tepi miyezi iwiri, kapena zaka ziwiri, mukuganiza kuti mkazi wanu sakuona? Mukuganiza kuti amuna anu sawerenga makilomita? Mwina chimene mukuopacho n'chaching'ono ngati kalabala kaja. Koma mukafufuta kachiwiri, adzasiya kufunsa chimene chinalakwika, adzangodziwa kuti ndinu wonama, ndipo chimenecho sichikonzeka tiyi asanazizire. Ikani sipanala pansi. Pitani nako kagetsiko lero, kali chiyakire.