Mbiya Ziwiri za Khobwe

Panali munthu wina kalekale, sukulu zisanafike kuno, mayi woumba mbiya dzina lake Nangondo. Mayiyu anali ndi nthenda imodzi: kufunsa. Akaona chinthu chachilendo sankachisiya mpaka adziwe chachititsa.

Chaka china khobwe wosungira mbewu anafumbwa m'mudzi monse. Anthu anati, "Ndi mtengwa wabwera chaka chino uja. Si ndiye anathandiza kupuntha khobwe nyumba zonse? Dzanja lake n'loipa, abwerere kwawo." Mtengwayo anali mkazi wa mchimwene wake wa Nangondo, ali ndi khanda kumsana, kwawo kuli kutali.

M'mawa mwake Nangondo akutaya phulusa kudzala, anaona timbewu ta khobwe tomwe tinagweramo pokolola. Anatitola, n'kutipukuta pachitenje. Tosalala, topanda kabowo ngakhale kamodzi! Lichero la phulusalo analisiya pompo, liwiro kupita kumene kunali anthu.

"Musamuthamangitse msanga. Ndipatseni miyezi itatu."

Amalume ake a Nangondo, amene anakuza nkhaniyo kuposa onse, anaseka. "Iwe Nangondo, kuumba kwakukwana? Wasanduka sing'anga tsopano?"

"Sing'anga ayi, malume. Ndikungofuna tione ndi maso."

Anatenga mbiya ziwiri zofanana ndi khobwe wakudimba wongokolola kumene, wa munda umodzi. Kenako anaitana mtengwa uja. "Mlamu, thirani ndinu. Mbiya zonse ziwiri, ndi manja omwe akuwanenawo." Mlamuyo anathira. Mu mbiya imodzi Nangondo anasakanizamo phulusa, inayo anaisiya choncho. Anavundikira mapale, n'kumata ndi dothi. Ndiye tamverani kuchenjera kwake: mbiyazo sanasunge yekha ayi. Anazipereka kwa amalume omwe aja.

"Sungani inuyo, kuti mawa musadzati ndinasintha."

Miyezi itatu itakwana, mudzi wonse unasonkhana dzuwa lili pamutu. Amalume anagumula mbiya yoyamba. Fumbi lokhalokha, anankafumbwe ali yakaliyakali. Wina anakuwa, "Mwaona! Dzanja lija!"

"Dikirani," anatero Nangondo. "Gumulani inayo."

Anagumula, n'kukhuthulira m'lichero. Khobwe anagwa wayawaya, wolimba ngati wa dzulo! Amayi anayamba kukankhana, aliyense kufuna kuluma kambewu kuti amve yekha.

Nangondo anafunsa, "Munda umodzi, dzanja limodzi. Chasiyana n'chiyani?"

Amalume anakanda m'mutu. "Phulusa."

Nthungululu inalira. Mtengwa uja anakhala pansi n'kuyamba kuyamwitsa mwana wake, misozi ili mbwembwembwe. Sanapitenso kwawo. Nangondo naye sanalekere pomwepo. Anayesa nyemba, anayesa nandolo, phulusa lochuluka ndi lochepa, zina zinatheka zina zinakanika, mpaka imvi zinamupeza akumatabe mbiya ziwiriziwiri.

Amayi anzanga, anthu otere lero amawatcha asayansi, ndipo timaganiza kuti ndi okhawo ovala makoti oyera. Koma ntchito yawo inayamba choncho, ndi munthu woona kanthu kakang'ono n'kukana kungoganizira. Mwana akamatsegula m'mimba kawirikawiri, kapena nkhuku zikamafa, musathamangire kuloza chala mnzanu. Yambani mwafunsa kuti chasiyana n'chiyani. Mbiya muli nazo, maso muli nawo. Yesani, muone, mnzanu asachoke pamudzi chifukwa cha anankafumbwe.