Kabuku ka a Kopolo Mtambalika

Panali munthu wina, kalaliki pa ofesi yoona za penshoni ya asilikali opuma, m'tauni ina yafumbi imene sindiitchula dzina. Ndineneretu, munthuyu sanali wakuba. Chiphuphu sanalandirepo, ngakhale dzira la nkhuku. Kutchalitchi sankajomba, ndipo m'kwaya ndiye ankaimba besi. Nthenda yake inali imodzi yokha, kusafuna kunyamuka pampando.

Kumbuyo kwa mpandowo kunali kabati yachitsulo yosungiramo mafayilo. Kuchoka pampando kukafika pakabatiyo panali mapazi atatu. Atatu okha, abale anga! Koma munthu akabwera ndi dandaulo, iye ankangopotoza khosi, n'kuiyang'ana kabatiyo ngati ili kutsidya kwa mtsinje wodzaza, kenako n'kunena kuti, "Mapepala anu akadali kulikulu. Mubwerenso mwezi wamawa."

Mmodzi wa anthu amene ankamva mawu amenewa anali a Kopolo Zefaniya Mtambalika. Mkuluyu anasiya mwendo wakumanzere kunkhondo yakutali ataponda bomba lokwirira pansi. Anabwerako ndi ndodo yoyendera, jekete la usilikali, ndi kabuku kachikuto chofiirira momwe munalembedwa nambala yake ndi tsiku limene anavulala. Pomutulutsa usilikali anamulonjeza ndalama ya mwezi ndi mwezi chifukwa cha mwendowo, ndipo anamuuza kuti akaiyendere pa ofesi ija.

Anaiyenderadi, zaka zisanu ndi ziwiri. Lolemba loyamba la mwezi uliwonse kalaliki ankawamva a Kopolo asanawaone: go! go! go! ndodo pasimenti ya pakhonde. Ankakhala kumapeto kwa benchi, pafupi ndi khomo, poti m'pamene panali potsamiritsa ndodo. Nthawi yawo ikakwana ankaima njo ndi mwendo umodziwo, n'kuchita sawatcha, n'kutulutsa kabuku m'thumba la pamtima. Kalaliki sankakatsegula n'komwe.

"Mwezi wamawa, a Kopolo. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

"Ndamva, bwana."

Lolemba lina ndodo ija sinamveke. Kalaliki sanazindikire kanthu. Panapita miyezi itatu, ndipo m'mwezi wa Ogasiti, nthawi yamphepo, munalowa mayi wokalamba, woonda, wovala duku lakuda. Sanakhale pabenchi. Anagwada pansi patsogolo pa tebulo n'kunena kuti dzina lake ndi Nankhoma, mkazi wa a Kopolo.

"Amuna anga anatisiya mu Meyi, bwana. Ana tinalibe. Ndikukhalira madeya ndi ganyu, koma msana wayamba kukana. Iwo ankati akadzapita, gawo la ndalama ija lidzagwera ine."

"Pepani ndi zovutazo, mayi. Nambala yawo?"

"Sindidziwa kuwerenga, bwana."

"Nanga kabuku kawo?"

Mayiyo anayang'ana pansi. "Anapita nako."

Anafotokoza kuti a Kopolo ali gone, mawu atatsala pang'ono, anamugwira dzanja n'kumuuza kuti, "Mudzandiveke jekete langa, ndipo kabuku musakachotse m'thumba. Ndikakaonetse kumene ndikupitako, kapena kumeneko akandimvera." Mawu a munthu wakufa sawawoloka. Anawaveka jekete, kabuku kali m'thumba momwemo, bokosi n'kukhomedwa.

Kalaliki anapotoza khosi kuyang'ana kabati. Ankadziwa bwino lomwe kuti mafayilo a mmenemo anasanjidwa potsata maina, osati manambala. Koma nthawi ya nkhomaliro inali itayandikira, mbatata yake inali kuzizira m'dirowa, ndipo mawondo ake anali atazolowera mmene anakhaliramo.

"Popanda kabuku palibe chimene ndingachite, mayi. Lamulo ndi lamulo." Ndiye poona kuti pabenchi pali anthu, anafuna kuwaseketsa. "Ngati anapita nako, kakatengeni komweko."

Awiri atatu anaseka. Nankhoma sanaseke.

"Komweko, bwana?"

"Komweko."

"Ndamva, bwana."

Inu mukuwadziwa makolo athu a msinkhu umenewo. Kwa iwo munthu wokhala kuseri kwa tebulo la boma sachita nthabwala. Akanena, lanena ndi boma.

Kuyambira sabata imeneyo zinthu pa ofesi ija sizinakhale bwinobwino. Kumapeto kwa benchi, pafupi ndi khomo, anthu analeka kukhalapo. Palibe anawaletsa. Munthu ankafika, n'kuyang'ana malowo, n'kusankha kuimirira. Kalaliki anafunsa mayi wina woyembekezera chifukwa chimene akuvutikira chiimire malo alipo. Mayiyo anangoti, "Pakuzizira pamenepo, bwana," pomwe kunja dzuwa linali kuswa mtengo.

Ndiponso masana, dzuwa likafika paliwombo, anthu atabalalika kukasaka chakudya, kalaliki ankamva pakhonde: go! go! go! Phokosolo linkabwera pang'onopang'ono n'kudzaima pakhomo. Akadzutsa mutu, kunja kunali fumbi lokha. Ankadziuza kuti ndi lata limene lamasuka padenga. Koma kukaliona latalo sanapite, poti kunali kunyamuka.

Lolemba loyamba la Okutobala kunatentha koopsa. Itakwana thwelofu koloko, anthu amene anali pamzere anapatuka okha, ena atagwira mphuno. Kunayamba kulowa fungo, fungo la dothi lonyowa losakanikirana ndi china chimene munthu aliyense amachidziwa ngakhale sanauzidwepo. Pambuyo pa fungolo panalowa Nankhoma. Analibe nsapato. Pachipumi panali bala louma magazi, ndipo chitenje chake chinali chopserera mbali imodzi. Anagwada monga kale, n'kuika patebulo kaphukusi kokulunga m'tsamba la nthochi. Atakamasula, katondo wofiira anakhuthukira pamapepala.

"Ndabwera nako, bwana."

Kalaliki anayang'ana m'tsambamo n'kuona kabuku kachikuto chofiirira kaja.

Mayiyo anayankhula motsitsa, ngati akufotokoza za mtengo wa mchere. "Ndinapempha adzukulu okumba manda, anakana. Ndinapempha abale a malemu, anati ndapenga. Ndiye ndinadikira mudzi wonse upite kuukwati kutsidya, ndinatenga khasu langa. Masiku awiri, bwana. Ndisanatsegule ndinawapepesa, ndinati, 'Abambo, musandikwiyire, bwana wanena.' Ndinapeza dzanja lawo lili pathumba. Ndinachita kulisuntha."

Mayiyo anapitiriza.

"Potuluka kumandako ndi pamene anandiona obwerera kuukwati. Mukudziwa dzina limene amamupatsa munthu wofukula maliro. Anandigenda, nyumba anatentha. Akuti ndikadzapondanso m'mudzimo adzandimalizitsa." Anakankhira kabukuko kutsogolo ndi zala zothetheka zikhadabo. "Onani nambala ija, bwana."

Kalaliki anakatola. Kanali kozizira. Masamba anali atamatirirana, atachita chuku, inki yonse itasungunuka n'kukhala banga limodzi lakuda. Anayesa tsamba loyamba, linanyenyeka. Anayesa lachiwiri, chimodzimodzi. Nambala munalibe, dzina munalibe, munalibe ngakhale chilembo chimodzi choti munthu n'kuwerenga.

"Ikuoneka, bwana?"

Ha, chizolowezi n'choipa! Mukudziwa kuti mawu aja a "mwezi wamawa" anafika pamilomo pake? Anali atatsegula kale pakamwa. Pomwepo anamva go! kamodzi kokha. Ulendo uno sanamve pakhonde ayi. Anamva kumbuyo kwake, pafupi ndi kabati.

Kalaliki uja ananyamuka.

Anayenda mapazi atatu, n'kukoka dirowa la maina oyamba ndi M. Sizinamutengere ngakhale nthawi yomwera kapu ya madzi. Fayilo inali pomwepo, Mtambalika Zefaniya, nambala yolembedwa pachikuto ndi zilembo zikuluzikulu. M'kati, pamwamba penipeni, munali kalata yochokera kulikulu, yolembedwa zaka zisanu ndi chimodzi m'mbuyomo, yovomereza kuti a Kopolo ayambe kulandira ndalama yawo, ndi kuti akadzamwalira mkazi wawo azilandira theka. Inkangodikira chidindo cha ofesi ija. Pakona pake panali siginecha yosonyeza kuti kalatayo inafika. Siginechayo inali yake. Anailandira m'mulu wa makalata ena, n'kuiponya m'fayilo osaiwerenga.

Atatembenuka anapeza Nankhoma akumuyang'ana mapazi.

"Kamodzi, kawiri, katatu," anatero mayiyo. "Kani zinali pomwepo, mwana wanga?"

Sanakuwe, sanatukwane. Bola akanatukwana.

Kalaliki anadinda kalata, anadinda mafomu, anadinda ngakhale posafunika chidindo, thukuta lili kamukamu. "Zatheka, mayi. Kutha kwa mwezi uno muyamba kulandira, ndi za m'mbuyo zomwe. Tandiuzani kumene mukukhala, tikutumizireni uthenga."

"Kumene ndikukhala?" Mayiyo anayang'ana chitenje chake chopserera. Kenako anatambasula dzanja. "Ndibwezereni kabuku. Ndinawalonjeza eni ake kuti ndikawabwezera."

"Mayi, kumeneko musapite! Simwanena nokha kuti akakuphani?"

"Ndinawasiya chivundukulire, bwana. Mvula ili pafupi."

Anakulunga kabuku m'tsamba lija, anadzuka pogwira tebulo, n'kutuluka. Kalaliki anaima chilili, chidindo chili m'manja. Mmene nzeru zinkamubwerera n'kuthamangira panja, mumsewu munali fumbi ndi mbuzi basi.

Kutha kwa mwezi ndalama inabweradi. Nankhoma sanabwere. Kalaliki anapempha tchuthi, anakwera matola, anayenda pansi mtunda wautali mpaka kumudzi kuja. Anapeza phulusa pamene panali nyumba. Aliyense amene anamufunsa ankayang'ana kumbali n'kunena kuti sakudziwa. Mkulu mmodzi yekha wa adzukulu ndiye anamuuza kuti manda a a Kopolo anapezeka m'mawa wina atakwiriridwa bwinobwino, mtumbira utasalazidwa ndi manja, khasu litasiyidwa pambali. Mwini khasuyo palibe anamuonanso, wamoyo kapena wakufa.

Kalaliki uja anabwerera kuntchito, ndipo amene amamudziwa akuti sanakhalenso pansi pamaso pa wodandaula. Munthu asanamalize kutchula dzina, iye amakhala atafika kale pakabati. Amasiye ambiri anathandizidwa ndi manja amenewo. Koma m'mphepete mwa zikhadabo zake munatsalira katondo, ndipo sopo analephera. Ndalama ya Nankhoma imabwera mwezi uliwonse n'kubwerera kulikulu. Pabenchi paja, malo amene anthu amawalambalala anakula. Tsopano ndi a anthu awiri.

Ndiye abale anga, musatuluke muno mukuti fanizoli ndi la makalaliki. Wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo ine ndikutsina lanu. Ambirife sitinabepo, ndipo timagona tulo tabwino chifukwa cha chimenecho. Kalaliki ujanso sanabe. Anangosiya wolumala ayende zaka zisanu ndi ziwiri, n'kutuma nkhalamba kumanda ndi khasu, kuti iye asayende mapazi atatu. Alipo munthu amene wakhala akubwera pakhomo panu, kapena patebulo panu, ndipo chimene akufunacho mukudziwa pamene chili. Inu mukamuuza zongomuchotsa pamaso, iye amati, "Ndamva," n'kupita kukachitadi. Nyamukani lero, akadali ndi kwawo kobwerera.