Chilumba cha Mkangano ndi Mapira a Mvuu

Kalekale, ana inu, ndi inu akuluakulu amene mukunamizira kusinza, pakati pa mtsinje wina panali kachilumba. Kachilumba kachabechabe: chulu chimodzi, bango pang'ono, basi. Pamenepo pankakhala Mayi Sakhwi, kanyama kaja konga mbewa koma kotalika mphuno, ndi tiana take m'una wa m'mbali mwa chulu.

Koma Mvuu ankati chilumbacho n'chake. Kugonapo sankagonapo, kulimapo sankalimapo, munda wake wa mapira unali kumtunda. Ankangoti, "Agogo anga anakandirapo msana pamenepa. Ndi panga!"

Kutsidya kunali mkuyu, ndipo mu mkuyumo munkakumana aphungu a mbalame, opanga malamulo. Aphunguwa ankamukonda Sakhwi, zoona ndithu. Nthawi ndi nthawi ankauluka kukamuchezera kuti dziko lione kuti sali yekha. Ankafika, n'kulankhula, n'kudya ngumbi zake, n'kuuluka. Akangouluka, Mvuu mkwiyo! Thupi lonse m'madzi khuvuu! Mafunde phwaa! phwaa! mpaka mu una. Mayi Sakhwi n'kumatulutsa ana mmodzimmodzi, onse atanyowa, akuyetsemula.

Tsiku lina mu mkuyu munabuka mtsutso, ndipo mawu ankamveka mpaka pachilumba.

"Wapampando," anatero Nkhwali, "maulendo athuwa n'kuputa mavu. Tikapita, Mvuu amalusa. Tiyeni tikhale pansi."

"Mantha amenewo!" anakuwa Pumbwa, mbalame yosatopa pakamwa. "Lero tikaleka chifukwa Mvuu watsinya, mawa adzatisankhira nthambi yoterapo. Mnzako akapsa ndevu m'zimire!"

"Kuzimira kwake n'kumeneku, komudyera ngumbi?"

"Bwezani mawu amenewo!"

"Sindibweza!"

Nang'omba, amene anali wapampando, anamenya mlomo panthambi, go! go! go! Anawerenga mapiko, ndipo ofuna kupita anapambana.

Mayi Sakhwi anagwira mphuno yake yaitali ija. "Kalanga ine! Onse akunena zoona, koma onse ali ndi mapiko." Kamwana kake komaliza kanali kakutsokomolabe ndi madzi a ulendo wapitawo. Kakanyowanso, kapita. Komanso alendowo atasiya kubwera, tsiku lina Mvuu adzangogona pachulu, una n'kuphwanyika. Mtima unamuwawa mayiyu. Anaganiza, anaganiza, kenaka mphuno ija inagwedera.

M'mawa anapita m'mphepete mwa madzi, n'kugwada.

"Odi, bambo Mvuu!"

Panatuluka makutu, kenaka maso. "Ukufuna chiyani?"

"Ndadzadandaula, bambo. Chilumba n'chanu, koma alendo anu ndikuwaphikira ndine, wongobwereka malo. Tsono kutsidyaku ayamba kunong'ona."

"Akuti chiyani?"

"Ii, ndikuchita manyazi. Akuti mwini khomo amadziwika ndi mbale. Akuti poti mbale imatuluka kwa Sakhwi..."

"Kwa iwe? Kamphuno iwe?" Mvuu anamina madzi, pfuu! "Mawa mbale ituluka kwa ine! Alipo angati?"

"Aphunguwo? Sadzaza n'komwe nthambi imodzi."

Ndipo sananame, ana inu. Kungoti madzulo ake anakodola Pumbwa n'kumunong'oneza kuti, "Mawa kuno kuli phwando, musasiye munthu." Kuuza Pumbwa n'kuuza dziko lonse.

Kutacha, Mvuu anafika atasenza dengu la mapira, chifuwa patsogolo. Aphungu anatera, ochepadi. Mvuu anamwetulira. Kenaka anatera wonyamula chikwama cha phungu. Anatera mlamu wa wonyamula chikwama. Anatera oimba nyimbo zotamanda, ndi ena amene anangomva kuti kuli ulendo. Mpheta, ana inu, mpheta! Dzuwa linabisika, bango linawerama.

Jo! jo! jo! Dengu mbee.

"Bambo," ananong'ona Sakhwi, "mlendo saona pansi pa mbale. Akuyang'anani."

Mvuu anathamangira kunkhokwe. Dengu lina. Jo! jo! jo! Mbee.

"Bambo, a kumbuyoku sanalaweko."

Dengu lina. Jo! jo! jo! Mbee. Pita, bwera, pita, bwera, thukuta lili kamukamu. Kumwetulira kuja kunauma pamaso. Akagogoda nkhokwe yake, inkalira ngati ng'oma. Mvuu ameneyu, ndikuuzeni, anali woti ngakhale mwana wake akapempha ngala imodzi ankamuuza kuti mapira sanache.

Pamenepo Pumbwa anaimirira, mlomo uli waa ndi gaga. "Wapampando, ulemu ngati uwu sitinauonepo chibadwire. Ndikupempha kuti tizibwera mwezi uliwonse kudzachezera bambo Mvuu, poti pano ndi pakhomo pawo!"

"Eee! Mwezi uliwonse!" zinavomera mpheta zonse.

Mvuu dengu pansi phii!

"Pakhomo pa yani? Pano si panga! Sindinagonepo ine pano! Agogo anga aja anangodutsa, ndipo msana wawo sunali kuyabwa n'komwe! Pano ndi pa Sakhwi, kadyeni kwa Sakhwi!"



Nang'omba anatsokomola pang'ono. "Mwanena pagulu, bambo, ndipo tonse tamva. Tsiku limene mudzakumbukire kuti ndi panu, mudzangotuma mawu. Tidzabwera, ndi anzathuwa omwe."

Mvuu anayang'ana mpheta, mpheta zinamuyang'ana. Anabwerera m'madzi chafutambuyo, pang'onopang'ono, monyang'ama, osadzutsa ngakhale kafunde kamodzi. Kuyambira tsiku limenelo, akafika pafupi ndi chilumbacho ankalambalala.

Tsono maso onse anatembenukira kwa Mayi Sakhwi. Paja mwini khomo wadziwika, mbale iyenera kutuluka. Mayiyo analowa mu una, n'kutuluka ndi kachigoba ka ngumbi, n'kugwada bwinobwino.

"Takulandirani pakhomo panga, olemekezeka. Tiyeni tidye, musachite manyazi."

Aphungu anayang'ana ngumbi, n'kuyang'ana mimba zawo zili tototo. Nkhwali, yemwe uja ankakana ulendo, anali atagona chammbali, kuuluka kwamukanika.

"Mayi," anabuula Pumbwa, "mutikhululukire. Takhuta."

"Aa, mwandinyoza, alendo anga, mwandinyoza ndithu," anatero Sakhwi. Koma mawu asanathe, kachigoba kanali katalowa kale mu una. Madzulo amenewo tiana tinadya mpaka kusiya, pouma, ndipo kamwana kachifuwa kaja kanagona tulo tosatsokomola.

Nthano yanga yaolokera kutsidya, amene akuifuna aisambire. Koma mumve, ana inu: malo ndi a amene amatulutsa mbale. Ndipo inu akuluakulu, amene mwadzuka mutamva za mbale, mukafuna kutchuka kuti ndinu opatsa, itanani alendo atakhuta kale kwa mnzanu.